Ufa wa pa Bwalo la Ndege

Tatsitsani wailesiyo, musendere kuno kufupi ndi mbaula. Mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni chimene chinathetsa mpikisano wathu wa magalimoto, ndiye lero mumva. Koma wondidula pakamwa ndimugenda ndi khala lamoto, mukundidziwa.

Ine Filimoni Mtambalika ndinaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo palibe wophunzira wanga angakuuzeni kuti ndinali wofatsa. Wophonya giya ndinkamukwapula dzanja ndi nyuzipepala yopinda. Wolira ndinkamutsitsa pamsewu kuti akalirire kwawo. Koma mayeso ankakhoza, n'chifukwa chake ankabwerabe.

Mpikisano ndikunenawu sunali wothamangitsana ayi. Inkalowa galimoto imodzi imodzi, kukhotakhota pakati pa makoni, timizati tofiira ta pulasitiki tija mumationa pa rodibuloko, ndipo woweruza anali wotchi. Ukagwetsa koni ankakuwonjezera masekondi awiri. Tinali anthu wamba: amakaniko a ku Biwi, oyendetsa matakisi, mphunzitsi mmodzi wa sekondale, aliyense ndi kagalimoto kake kotha ntchito. Mphoto yake inali kapu ya chitsulo yopindika chogwirira. Tinkachitira pa bwalo la ndege lakale la esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu, imene eni ake anaisiya kalekale. Phula linali lidakalipo, ndipo kumapeto kwa bwalolo kunali balani, chinyumba cha njerwa chowotcheramo fodya, chachitali, chopanda mawindo.

Luso lake si lambiri, kungoti anthu ndi osamva. Njira umayamba waiyenda wapansi kuti ilowe m'mutu. Buleki umaponda usanalowe pakona, osati uli mkati mwake. Koma chachikulu ndi maso. Galimoto imatsata maso. Ukayang'ana koni uigunda, ukayang'ana dzenje ugweramo. Chimene ukuchiopa usachiyang'ane, yang'ana mpata wodutsapo, manja atsatira okha.

Amene anazimva zimenezi kuposa onse anali mwana wanga Zelifa, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, makaniko wa manja olimba, ndipo akakoka handibuleki kagalimoto kake kankazungulira koni osaikhudza ngakhale ndi fumbi. Ndiye panali Yobu Gwedeza, mwini galaja ina, wamatama, amene ankatenga kapu ija mwezi ndi mwezi n'kumandiuza kuti, "Madala, mwana wanuyu mungomugulira makina osokera." Ndinkafuna Zelifa amugonjetse kuposa mmene mwini wakeyo ankafunira. Ndisaname, mpikisano unali wanga, iye ankangondigwirira chiwongolero.

Tsono mvetserani za ufa. Koni iliyonse timaizunguliza mzere wa laimu pansi, kuti ikagwa woimika aibwezere pamalo pake penipeni. Lachisanu lina mu Okutobala tinapita kukayala njira, ndipo a Chimtali, amene ankagwira wotchi ndi kusunga katundu wa gulu, anaiwala thumba la laimu ku Lilongwe. Tinatukwanana kaye pang'ono. Kenaka Yobu anatsegula buti n'kutulutsa ndowa ya ufa woyera umene ankapita nawo kwa apongozi ake.

"Woyera ndi woyera basi," anatero.

Tinaseka, n'kuyamba kuthira. Malo makumi atatu ndi asanu ndi amodzi, paliponse kamkombero ka ufa. Tili mkati mothira tinamva munthu akuthamanga. Anali a Namakhwa, mlonda wa pamalopo, bambo wowonda wa ku Phalombe amene anabwera pa esitetipo ngati tenanti ali mnyamata, osabwereranso kwawo.

"Mabwana, ufawu mukuthirira ndani?" anafunsa akupumira m'mwamba.

"Tikuthirira makoni, madala," Yobu anayankha.

"Mwatchula dzina?"

"Dzina la chiyani?"

"Ufa sathira pansi chothirathira. Wothira nsembe amatchula dzina la amene akumuitana, abwere yekhayo. Inu mwathira malo onsewa osatchula munthu. Ndiye kuti mwaitana aliyense wanjala."

Ine ndi pakamwa pangapa sindinachedwe. "Madala, ntchito yanu ndi geti. Za mizimuzo kakambiraneni ndi mbuzi zanu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana phula, basi n'kubwerera ku kanyumba kawo. Pobwera anadula pakati pa bwalo, koma pobwerera anazungulira m'mbali, mu udzu.

Loweruka m'mawa tinapeza makoni onse ali chiimire, ufa palibe. Ikanakhala mphepo ikanasiya utoto. Zikanakhala nyerere tikanaona mizere yake. Apa phula linali bii, lonyowa pang'ono kuzungulira koni iliyonse, ngati mbale imene galu wanyambita. Munthu wanzeru akanalongedza katundu pomwepo. Ife tinathiranso ufa wotsala uja.

Tinayenda njira wapansi monga mwa mwambo, anthu khumi ndi anayi, tonse mu nsapato. Koma pansi pa phokoso la nsapato zathu panali lina, phya, phya, phya, la mapazi osavala. Tikaima, linkaponda kawiri n'kuima nalonso. Zelifa anandigwira malaya kumbuyo, chinthu chimene anasiya ali ku pulayimale. Cha ku balani kuja kunkachokera fungo la fodya wowotcha, pomwe moto unazima mmenemo iye asanabadwe.

Titabwerera ku magalimoto, mphunzitsi uja anapeza jumbo yake ya buledi ili chimangire, mkati mulibe kanthu. Nthochi za a Chimtali zinali zosasenda, koma ukazifinya munali mphepo yokha. Wina anati mlonda uja ndi wakuba wanzeru. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano.

Mpikisano unayamba. Aliyense ankabwerako ali duu, nthawi yake yoipa. Mphunzitsi uja atamaliza ulendo wake sanaime n'komwe, anapitirira mpaka kutuluka pa geti helimeti ili kumutu, ndipo sitinamuonenso. Zelifa anayendetsa ngati agogo opita ku tchalitchi, ndinamukalipira pagulu. Yobu yekha ndiye anaponda moto, masekondi makumi anayi ndi asanu ndi atatu, nthawi imene palibe anaifikako. Koma sanatuluke ndi matama ake aja. Anavula helimeti n'kufunsa, "Akulowetsa anthu pabwalo ndani?"

Tinayang'ana. Pabwalo panali makoni okhaokha.

Ulendo wachiwiri wa Yobu unali cha m'ma leveni, dzuwa likuswa mtengo. Chakumapeto kwa njira kunali mzere wa makoni asanu ndi awiri wolunjika ku balani, kenaka geti ya makoni awiri yokhotera kumanzere. Atalowa mu mzerewo tinamva hutala. Yobu akuimbira hutala bwalo lopanda munthu, osachotsapo dzanja. Galimoto inakhotera uku, kukhotera uko, kumbuyo kunathawa, ndipo anaponda buleki ali mkati mwa kona, chinthu chimene Yobu sakanachita ngakhale ataledzera. Inapita molunjika n'kukadziwomba pakhoma la balani.

Phokoso lake ndimalimvabe m'mano. Titafika tinapeza injini yalowa mpaka pa miyendo yake, chiwongolero chamuphwanya chifuwa. Tinakanula chitseko ndi migwala, magazi akutsika pa phula kutinyowetsa nsapato. Anali akupumabe, thovu lofiira likutuluka mkamwa. Anandigwira dzanja ine mdani wake.

"Ndinawaimbira," anatero. "Sakusuntha, madala. Akungotambasula manja."

Anatsirizika tisanamutulutse miyendo.

Ndi pamene wina anaona kuti makoni awiri a geti yomaliza sanali pamalo pake. Anali atasunthira kumanja masitepe atatu, ndipo mpata wake unkaloza khoma. Mawu anamveka kuti ndi mlonda uja, ndi amene sanafune tichitire pano. Mkwiyo wa munthu wamantha ndi woipa, anthu inu. Tinathamangira ku kanyumba kaja, tinawakoka a Namakhwa mpaka pa phula, ndipo woyamba kumenya ndinali ine. Ndinali ndi sipanala ya matayala m'manja. Anatchinga kumaso ndi mkono, mkonowo unathyoka ngati nzimbe. Ena anawaponda m'nthiti, wina anawamenya pakamwa ndi jeke, mano atatu anagwera pansi. Zelifa ndi a Chimtali ndi amene anatikankha, Zelifa akulira, akundimenya zibakera kumsana.

A Namakhwa anakhala tsonga, mkono uli lendee, nalavula magazi. Sanatitukwane.

"Pamzere wanu wa makoniwo," anatero movutika, "ndi pamene matenanti tinkaima kudikira phoso lathu la ufa. Chaka china phoso silinabwere. Tinaima masiku ambiri. Ena tinachokapo, ena sanachokepo."

Apolisi anabwera, analemba zawo, anati ngozi. Za mlonda tinanama tonse kuti anagwa pothandiza. Atatuluka m'chipatala abale ake anabwera kudzamutenga, pa geti panatsala popanda munthu.

Mukuganiza kuti tinasiya? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Patapita mwezi ndinayamba kuyenda m'magalaja kukopa anthu kuti tichite mpikisano wokumbukira Yobu. Kukumbukira kwake kuti? Nthawi yake ija inali idakali pa bolodi lathu lolembapo nthawi, ndipo zinkandiwawa kuti wapita osagonja. Ndinkalimbana ndi munthu wakufa, ndipo manyazi ndinalibe.

Zelifa anandipeza ndikusintha mabuleki a kagalimoto kake.

"Adadi, ine sindipita."

"Chifukwa?"

"Ndikakhala panja ndimaona makoni. Koma ndikangolowa m'galimoto, wotchi n'kuyamba, pa koni iliyonse pamaima munthu. Amangoima, manja atawatambasula chonchi, ngati akulandira kanthu."

"Kumeneko ndi kutentha kwa phula," ndinatero. "Masana phula limavina, aliyense amadziwa. Yobu chinamupha ndi kuyang'ana. Iwe ndinakuphunzitsa chiyani?"

"Kuyang'ana mpata."

"Nanga vuto lili pati? Ufa sitithiranso, tagula laimu. Kapena ukufuna anthu azinena kuti Yobu ankanena zoona za makina osokera?"

Anatola sipanala n'kuyamba kundithandiza. Mwana woleredwa ndi ine sakana kawiri.

Tinabwera anthu asanu ndi mmodzi okha. Njira tinayala yomwe ija, Lachisanu, ndi laimu weniweni. Loweruka m'mawa laimuyo analipo, koma pa mkombero uliwonse panali mokanda mwa zala, ndipo pambali pake timabala toyera tonyowa, ngati munthu analawa n'kulavula. A Chimtali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Poyenda njira wapansi sitinamve mapazi aja. Sitinamve chilichonse, ngakhale mbalame kapena nyenje, m'nyengo imene nyenje zimagonthetsa m'khutu. Mlendo ukamudyetsa kawiri, ulendo wachitatu n'kumuikira mbale yopanda kanthu, sayankhula.

Aliyense anali ndi maulendo atatu. Ulendo woyamba Zelifa anaponda buleki pakati pa mzere wa makoni aja, galimoto inazima. Atabwerako ndinatsegula chitseko n'kumumenya khofi pa helimeti, mutu wake unagunda mpando.

"Wandichititsa manyazi! Waponderanji buleki?"

"Sakuimanso pa makoni, adadi. Ayamba kuima pa mpata."

"Ndiye dutsa! Ngakhale aime pakatikati, dutsa. Mphepo siiphwanya bampala. Ukachotsanso phazi pamoto ukwere basi, usabwere kunyumba kwanga."

Ulendo wachiwiri anadutsa. Anthu inu, sindinaonepo kuyendetsa kotero. Matayala ankalira pakona iliyonse koma osataya njira, makoni onse chiimire. A Chimtali anakuwa kuti watsala theka la sekondi kuti amupeze Yobu. Zelifa anatuluka, anagwada pambali pa tayala n'kusanza. Nkhope yake inali ngati phulusa.

"Mmodzi anaima pakati," anatero. "Ndadutsa. Sipanamveke kanthu."

Mulungu andikhululukire, ine ndinavina. Ndinavina pa phula pomwepo, ndikuwomba m'manja, mwana wanga ali chigwadire m'masanzi ake.

Poti tinali ochepa, ulendo wachitatu ndinatenga mbendera yofiira ndekha kukaima pa kona yomaliza, pafupi ndi balani. Pakhoma pankaonekabe pamene Yobu anagunda, njerwa zogumuka ndi banga lakuda la oyilo. Ndinayang'ana makoni awiri a geti yomaliza, onse anali pa laimu wake. Ndinatembenuka kuti ndione mwana wanga akunyamuka. Ananyamuka bwino, giya yachiwiri pa nthawi yake, kona yoyamba ngati akulemba ndi cholembera. Ndinamutsatira ndi maso mpaka analowa mu mzere wa makoni asanu ndi awiri uja, akubwera kumene ndinali.

Ndiye ndinacheuka.

Mikombero iwiri ya laimu inali yopanda kanthu. Makoni anali ataima masitepe atatu kumanja, mpata wake ukuloza pa banga lakuda lija. Panalibe munthu wina aliyense kufupi, ndinali ndekha, ndipo nthawi yomweyo mkono wa a Namakhwa unandibwerera m'mutu. Kenaka mapazi aja anayamba. Osati kumbuyo ngati kale, koma mbali zonse, pafupi, ambiri. Pakhosi panga pankafika mpweya wotentha wa pakamwa posadya. Sindinaone kanthu, koma ndinkadziwa kuti ndikatambasula dzanja ndikhudza chinthu.

Ndinakupiza mbendera. Ndinakuwa. Zelifa sanayang'ane kumbali, nanga si ndinamuphunzitsa ndine. Anali pa koni yachisanu, injini ikulira mokweza, maso ake ali pa mpata, ndipo mpatawo unali khoma. Nthawi yobwezera makoni panalibe. Ndinataya mbendera, ndinalowa pakati pa makoni awiri aja, n'kukweza manja, ndikuitana dzina lake.

Ndinaona maso ake pa galasi. Kulira kwa injini sikunatsike ngakhale pang'ono.

Bampala inandipeza m'mawondo onse awiri. Ndinamva mafupa anga akuphwanyika ndisanamve ululu. Mutu unaswa galasi la kutsogolo, ndinadutsa pamwamba pa denga, thambo ndi phula zikusinthana, n'kukagwa chagada kumbuyo. Ndili pansipo ndinamva chinthu chokoma kuposa nyimbo iliyonse: mabuleki. Mwa onse oima pa mpata aja, ine ndekha ndinamveka pa bampala, ndiye phazi lake linachoka pamoto. Galimoto inazungulira kawiri, utsi wa matayala uli tolo, n'kukaima cham'mbali, patatsala mkono umodzi kuti ikhudze khoma.

Miyendo yanga inali italoza kumene miyendo siloza, fupa loyera lili panja, magazi akuthamanga pa laimu. Koma ndinaona chitseko chikutseguka, Zelifa akutuluka ndi miyendo yake iwiri, ndipo ndinaseka. A Chimtali amati ndinkaseka mpaka ndinakomoka. Zelifa sanabwere pamene ndinagona. Anaima patali akundiyang'ana, manja ali m'khwapa.

Miyendo anaidula ku chipatala, monga mukuonera. Masabata atatu mwana wanga sanabwere kudzandiona. Tsiku limene anabwera anaima pakhomo la wodi, osalowa, atawonda mpaka diresi likumukhuthuka. Ndinali nditakonzeratu mawu anga, poti nthawi yoganiza ndinali nayo yambiri.

"Lowa, mwana wanga. Si mlandu wako. Unali pa liwiro, sunandione."

"Ndinakuonani, adadi."

Ndinadzutsa mutu pa pilo n'kumuyang'ana.

"Ndinakuonani bwinobwino. Malaya anu, chipewa chanu, manja m'mwamba." Mawu ake anali ouma, opanda misozi. "Kuyambira tsiku limene anafa a Yobu, onse oima aja anali inu. Koni iliyonse inu. Ndikanakuuzani bwanji? Ulendo wachiwiri uja, amene anaima pakati anali inu, akundiitana dzina ngati mmene munaitanira. Ndinatseka mtima, ndinadutsa pakati panu. Nditatuluka ndinakupezani mukuvina."

Ine Filimoni, amene sindinasowepo choyankha chibadwire, ndinalira ngati mwana pamaso pa wodi yonse. Ndinamupepesa. Anagwedeza mutu, koma sanasendere.

Ku bwalo lija palibe anabwererako, ndipo makoni tinawasiya komweko. A Namakhwa ndinawafunafuna kudzera mwa anthu a ku Phalombe kuti ndikawagwadire, koma palibe akudziwa kumene ali.

Zelifa ndimakhala naye mpaka lero. Galimoto sakwera, ngakhale minibasi, kulikonse amayenda wapansi. Amandiphikira, amandisambitsa, amandinyamula kundiika pa mpandowu. Koma m'mawa uliwonse akatsegula chitseko cha kuchipinda kwanga sandipatsa moni. Amaima kaye pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka amabwera pang'onopang'ono, amandigwira mkono uwu, n'kunditsina ndi zikhadabo mpaka ndikuwe. Ndikakuwa ndi pamene mapewa ake amatsika, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, adadi?"

Bweretsani nyaliyo muone mabalawa. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo sindinamuletsepo ngakhale tsiku limodzi.